Kagalasi Kamene Ndinasita

Lolemba, 12 Julayi 1993

Kuzizira. Madzi pampopi abwera mochedwa, ndatunga zidebe ziwiri zokha.

Dzulo kutchalitchi analengeza kuti madokotala ochotsa ng'ala m'maso akubwera ku chipatala cha mishoni, sabata imodzi yokha. Ofuna akapimidwe ndi kulembetsa, tsiku lomaliza ndi Lachinayi pa 22. Ndinawagunda ndi chigongono amuna anga, a Whyson. Anangoyang'ana kutsogolo ngati ndagunda benchi.

M'mawa uno ndayambanso nkhaniyo. Ati, "Amake Ketty, munthu amene aona Nthanda dzuwa lili pamwamba, mufuna akam'cheke maso? Pitani ndimwe, muvutika kulowetsa ulusi mu singano."

Nanga amene akuthira tiyi pambali pa kapu ndani? Amene anapereka moni kwa thumba la makala sabata yatha, kuliyesa ba Lillian oyandikana nafe, ndani? Chimene akuopa ndikuchidziwa. Akulu awo analowa m'chipinda chochekera akuona pang'ono, n'kutulukamo osaoneratu. Zinachitika kalekale, Ketty wathu asanabadwe, koma kwa iwo ndi dzulodzuloli.

Chimene chimanditseka pakamwa ndi buku lawo la manambala a thambo. Chichotsedwereni ntchito ku koleji chaka chatha, komwe anasamala zipangizo za mu labu zaka makumi awiri ndi zitatu, ntchito yowatsalira ndi yoyeza thambo. Naini awazi m'mawa ndi fifitini awazi masana, tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Amavala dasitikoti yawo yoyera ya ku labu, n'kuimika paipi ya miyendo itatu kuseri kwa nyumba. Paipiyo anapanga ndi a Dokotala Kasoma, mphunzitsi amene anali bwana wawo asanathawire ku Botswana. Kukamwa kwa paipi amalowetsako kagalasi kotuwa, ka pulasitiki, kokhala mu mkombero wa chitini. Amazungulitsa kagalasiko mpaka thambo litada, n'kutchula nambala ya pamene ladera, ndi ina ya kuda kwake, kuyambira wani mpaka faifi. Ine ndimalemba. Mwezi ukatha timakopera ndi kutumiza kwa a Kasoma.

Ndiye ine ndikati maso, iwo amati buku. Wosaona angayeze bwanji?

Lachiwiri, 13 Julayi

Ndalakwa.

A Whyson atamaliza kuyeza masana anapita ku maliro ku Mtendere. Dasitikoti anaikoleka pa msomali, makwinya okhaokha. Sopo masiku ano tikum'gwiritsa ngati mankhwala, ndiye ndinati ndingoisita osachapa. Simbi inali itapsa bwino, makala ofiira. Nditafika pa thumba la pachifuwa ndinamva kanthu kulira kuti tswi, kenaka fungo. Mayi ine! Kagalasi kanali mmenemo. Masiku onse amakasunga m'kabokosi ka machesi, lero basi akaiwale m'thumba.

Mkombero wa chitini sunaonongeke. Koma kagalasiko kakhwinyata ngati khungu la nkhuku yowamba, kangotsala kambali kakang'ono ngati chikhadabo. A Kasoma anabwera nako kuchokera kunja. Muno mu Lusaka, m'sitolo momwe ngakhale sopo amasowa, ndikakapeza kuti?

Ndinathamangira kwa ba Kapembwa, okonza mawailesi kumsika kwathu kuno ku Kalingalinga. Anakatembenuzatembenuza. Ati, "Ba Mainess, aka ni kapulasitiki chabe. Ba mudala banu bamakonda kukulisa vinthu." Anatenga chivundikiro cha wailesi ya kaseti yakufa, chotuwa ngati utsi, n'kudula kozungulira, n'kukapala ndi tupa. Titakalowetsa mu mkombero munthu sangasiyanitse. Ndawalonjeza kuwapindira mathalauza awiri.

Kopserera kaja ndakabisa m'kabokosi ka mashini osokera, pansi pa mabatani. Chatsopanocho ndabwezera m'thumba. A Whyson sagwira pankhope pa kagalasi, amagwira mkombero wokha, ndipo aliyense amamuletsa. Komabe mawa ndagwidwa, ndikudziwa. Zaka makumi atatu m'banja sindinawabisirepo kanthu kupatula mtengo weniweni wa chitenje.

Lachitatu, 14 Julayi

Sindinagwidwe!

Naini awazi ndinakhala pa mpando wanga, buku pamiyendo. Anachita monga mwa masiku onse. Chala chamkombaphala kulozetsa ku dzuwa, chachikulu kuchitambasula, komwe chachikulucho chaloza n'kulozetsako paipi. Amati kumeneko ndi komwe thambo limayankha bwino. Anazungulitsa, anabwerera pang'ono, anazungulitsanso. "Apa. Eite seveni. Kuda kwake faifi. Thambo la Julayi, amake Ketty, silivuta." Ndinalemba. Ndinapuma mpweya wonse womwe ndinasunga chidzulo.

Mwina ba Kapembwa ananena zoona. Pulasitiki ndi pulasitiki.

Ba Lillian anasuzumira pampanda akutsuka mano. Ati, "Ba Whyson, manje mu iyo paipi muonamo chani masiku onse? Mtengo wa unga uzatsika liti?" Anadziputira okha. A Whyson akapeza khutu salitaya.

Anawafotokozera zomwe ine ndamva kambirimbiri. Ati kuwala kochoka ku dzuwa kumabwera kosokonekera, kwina chogona, kwina choimirira, kwina chopingasa, ngati tsitsi la munthu wongodzuka. Kukagunda mpweya n'kukhotera kwa ife, mpweyawo umakupesa, kochuluka kumagonera mbali imodzi. Kagalasi kaja ndi chipeso china, kamalola kuwala kogonera mbali yake yokha. Ukakatembenuza kuti kapingasane ndi kuwala kwa thambo, thambo limada. Kukakhala fumbi kapena utsi kupesako kumaonongeka, thambo silida kwenikweni. Choncho kuda kwakeko kumakuuza zimene zili mu mpweya.

Kenaka anafika pa Nthanda, mwana wawo wokondedwa kuposa Ketty. Ati Nthanda si nyenyezi, ndi dziko, ndipo kuwala kwake n'kobwereka kwa dzuwa. Kumagunda mitambo yake n'kubwerera kuno, kutapesedwa malinga ndi timadontho ta m'mitamboyo, kukula kwake ndi mtundu wake. Anthu a makina akuluakulu anayeza kapesedweko, n'kudziwa kuti mitambo ya kumeneko si ya madzi, ndi ya asidi ngati wa mu batire ya galimoto. Osapitako munthu ngakhale mmodzi. "Dziko lililonse lokhala na mpweya lipesa kuwala mwa njira yake, ba Lillian. Ife pano tiyeza kapesedwe ka lathu. Kuwala sikunama, kunena komwe kwapita."

Ba Lillian analavula thovu. Ati, "Kanshi na kumwamba kuliko komwe vinthu vinavuta kupambana kuno." N'kulowa m'nyumba.

Ine zimenezi ndinazimvetsa kalekale mwa njira yanga. Veleveti ukaidula mbali imodzi choweramira kumwamba, ina choweramira pansi, diresi imaoneka ya mitundu iwiri pomwe nsalu ndi imodzi. Ndinaonongapo diresi ya mkwatibwi motero. Nditawauza a Whyson anati sizofanana kwenikweni, koma ndili pafupi.

Lachinayi, 15 Julayi

Palibe wobweretsa chosoketsa. Chibwerereni salaula, zovala za kaunjika zija, anthu akuvala majekete a azungu akufa, telala watsala wopinda miyendo ya mathalauza. Ndapinda a ba Kapembwa.

Manambala a lero abwino ngati a dzulo. Koma kanthu kena kakundikanda mumtima, sindikudziwa kuti n'chiyani.

Lachisanu, 16 Julayi

Ndadziwa. Bola ndikanapanda kudziwa.

Atayeza m'mawa analowa m'nyumba kukamwa tiyi, paipi anaisiya panja. Ndinati ndisuzumiremo. Papita zaka ndisanayang'anemo, ntchito yanga ndi bolopeni. Ndinaika diso, ndinazungulitsa. Palibe. Ndinazungulitsa kuzungulira konse, kawiri. Thambo lili chotuwa momwemo, osada, osayera. Ndinati mwina ndine wosadziwa. Ndinakatenga kopserera kaja pansi pa mabatani, n'kuyang'anira pa kambali kotsala kaja, uku ndikukatembenuza ndi zala. Pomwepo thambo linati bii, ngati kukubwera mvula ya Disembala. Nditatembenuzanso, mbee.

Ndiye kuti pulasitiki si pulasitiki. Cha ba Kapembwa ndi chivundikiro cha wailesi basi. Nanga masiku atatu onsewa a Whyson akhala akuona chiyani? "Apa," amatero, n'kubwerera pang'ono, "ayi, apa." Akuona chiyani?

Ndinakhala pansi pa dothi. Lachitatu lija ndinasangalala ngati mwana wopulumuka chikwapu. Chitsiru ine. Kunali bwino akanandikalipira mpaka Kalingalinga yense amve.

Kenaka ndinagwira mkombero wa manambala uja. M'mphepete mwake muli timipata, todula ndi mpeni, pa manambala khumi aliwonse, ndi tina tating'ono pakati. Kale kunalibe. Akuwerenga ndi chikhadabo. Ndipo ndakumbuka kuti kulemba ndinayamba mu Malichi. Anati, "Muzilemba ndimwe, manja anga akhale pa paipi." Ine ndinanyada, ndimvekere andikweza pantchito.

Lero kamwezi kowonda kanali kumwamba m'mawa, ndipo pambali pake ndinaona kadontho koyera, kakang'ono ngati mutu wa phini. Nthanda, dzuwa likuswa. Atatuluka ndinati, "Atate ake Ketty, Nthanda ili kuti lero?" Anakweza nkhope, anamva komwe kuli dzuwa, analoza molimba mtima. "Siyo apo." Sanaphonye kwambiri, mutu wawo umadziwa njira zake. Koma za kamwezi sananene. Munthu woona akanayamba ndi kamwezi.

Ndinati, "Eya, ndaiona."

Loweruka, 17 Julayi

Atapita kokameta ndinatsegula buku la chaka chatha, la m'manja mwawo. Julayi yemweyu. Eite seveni, faifi. Eite sikisi, faifi. Akungobwereza zimene mutu unasunga. Ndinatsegula mpaka Febuluwale wa chaka chino, mwezi wawo womaliza kulemba okha. Mizere ikukwerana, manambala ena agwera kunja kwa tsamba. Munthu amene ankandiseka kuti ndimalemba ngati nkhuku yapalasa. Ndinalira, bodza ayi.

Ndawauza ba Lillian pa mpopi, tili pamzere. Zonse, ndi za simbi zomwe. Poyamba anaseka mpaka kugwira chidebe. Ataona nkhope yanga analeka. Ati, "Mwandi, bamuna ni so. Bauzeni chabe ati tiyende ku tauni, mukafika mu minibasi mwabapeleka ku chipatala. Bazakalipa, koma bazapola."

A Whyson si mbuzi yoti ndikaikokere kumsika. Ndipo bodza limodzi landikwana, likundilemera kale.

Ba Lillian ati, "Olo bauzeni vazoona." Kunena n'kosavuta. Ndikawauza za kagalasi ndiye kuti ndawauza kuti ndikudziwa. Ndiwalanda dasitikoti, ndiwalanda naini awazi. Munthu anam'landa kale ntchito, anzake a ku koleji ena anapita kunja, ena ali ku manda. Chomudzutsa m'mawa ndi paipi imeneyi. Koma ndikakhala chete, Lachinayi lidutsa, madokotala apita, ndipo sitidziwa chaka chomwe adzabwerenso.

Lamulungu, 18 Julayi

Alengezanso. Masiku anayi. Sindinawagunde ndi chigongono.

Poimba anagwira buku la nyimbo bwinobwino, kuimba mavesi onse. Tsamba linali la nyimbo ina.

Lolemba, 19 Julayi

Wina anayatsa matayala ndi zinyalala kuseri kwa msika, utsi unayala kumwamba konse, thambo loyererako ngati mkaka wothira madzi. Mphepo inkapita nawo kwina, fungo silinafike kwathu. A Whyson: "Eite seveni. Faifi." Bolopeni inakana kuyenda. Ndinati, "Faifi, atate ake Ketty? Kuoneka ngati kuli kautsi." Anaikanso diso. "Mwanena zoona. Lembani fili." Ndinalemba fili. Tayamba kunama awiri tsopano, mothandizana.

Masana ndinapita ndekha ku mishoni, wapansi, kuti mwina andilole kuwalembetsa. Mzere wa nkhalamba kuzungulira mtengo wa mango, aliyense ndi womugwira dzanja. Nesi ati ayi, mwiniwake abwere, ayang'anidwe m'maso kaye. Ndinafunsa ngati anthu amachira. Anandilozera gogo wina wochokera ku Chawama, bandeji atangomuchotsa, akuwerenga mokweza zolembedwa pakhoma, ngakhale zoletsa kulavula. Nesi ati, "Si bonse, mayo, sitinganame. Koma bambili." Ndinabwera ndi mawu amenewo, ndikusowa powatula.

Lachiwiri, 20 Julayi

Kalata ya a Kasoma yafika kudzera ku bokosi la tchalitchi. A Whyson anaitembenuza m'manja, ati, "Werengani ndimwe, amalemba ting'onoting'ono a Dokotala."

Moni, za kuzizira kwa ku Gaborone, za ana. Kenaka nkhani. Akulemba pepala la kafukufuku wa fumbi ndi utsi mu mpweya wa Lusaka, ndipo manambala a zaka zisanu ndi chimodzi alowamo onse, mpaka a chaka chino. Dzina la a Whyson lisindikizidwa pambali pa lawo. Ati chaka chino chawadabwitsa, thambo la Lusaka lakhala loyera mofanana kwambiri ndi chaka chatha. Ati, "Pa anthu onse amene ndinagwira nawo ntchito, nambala yanu ndi yokhayo imene sindinaikayikirepo."

Ndinayembekeza kuti adzuka, akauze ba Lillian, akauze ba Kapembwa, akauze ndi thumba la makala lomwe. Anangokhala, manja pa mawondo. Patapita nthawi ati, "Werenganinso apo pomaliza." Ndinawerenganso. Anapinda kalata kanayi n'kuika m'thumba lomwe lija la dasitikoti. Chakudya chamasana anangotola pang'ono.

Za kagalasi sindinawauzebe. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono ilibe Lachinayi.

Lachitatu, 21 Julayi

Ndanena.

Naini awazi anaimika paipi. Asanaike diso ndinati, "Tandipatsani dzanja." Ndinawaika kopserera kaja m'chikhatho. Anakapapasa ndi chala, makwinya onse aja. Ati, "N'chiyani ichi?"

Ndinafotokoza zonse mosapumira, simbi, thumba, ba Kapembwa, chivundikiro cha wailesi. Ndinagwada, ine amene mawondo anasiya kalekale kundimvera.

Anakalipa. Sindinawamvepo akukalipa chotero. "Mudziwa komwe kanachoka aka? Musita chovala osapisa m'thumba, telala wa zaka zingati imwe? Na kunibisa! Kuniikira chinyalala cha Kapembwa mu chipangizo changa!" Zinali zondiyenera. Kenaka ati, "Munachita liti vimenevi? Dzulo?"

Ndinati, "Lachiwiri la sabata yatha."

Ndinaona milomo yawo ikuwerenga masiku. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Kawiri patsiku. Dzanja lawo linali pa paipi, linatsika pang'onopang'ono. Nkhuku ya ba Lillian inadutsa pakati pathu.

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko cha kuchipinda. Paipi yakhala panja tsiku lonse, ine osalimba mtima kuigwira. Fifitini awazi yadutsa. Chiyambireni sanadumphepo, ngakhale tsiku la ukwati wa Ketty anathawa pa phwando kudzayeza.

Ndawaikira madzi osamba, sanasambe. Ndikuopa kuti ndathyola chinthu chimene sichilumikizika. Mawa ndi pa 22.

Lachinayi, 22 Julayi

Ndikulemba mothamanga, akumanga nsapato.

Anadzuka m'mawa osandiyankhula. Anamwa tiyi. Itatsala pang'ono naini ati, "Kaja kopsa kali kuti?" Anakasiya pa tebulo dzulo, kanali patsogolo pawo penipeni. Ndinawapatsa m'manja. Anachotsa cha ba Kapembwa mu mkombero, n'kulowetsa kopsererako, kambali kabwino kaja kukasunthira pakati ndi chikhadabo. Anavula dasitikoti. Ndinayesa akukaikoleka. Anandiveka ine, manja ake kulendewera mpaka kubisa zala.

Panja analozetsa paipi okha, chala ku dzuwa. Ati, "Ikani diso. Osathamanga. Mukaona kwada, pitirirani pang'ono, mubwerere. Pamene padetsetsa muime." Ndinazungulitsa. Poonera pake pang'ono ngati pa bowo la singano, koma kunada. Ndinapitirira, ndinabwerera. Ndinati, "Apa." Ati, "Werengani." Eite wani. "Kuda kwake?" Ndinati sindidziwa, kwada koma osati kwambiri, mwina fili. Ati, "Lembani fili. Chimene mwaona."

Kenaka anati nditsegule buku pa 8 Malichi. Anapereka rula yawo yachitsulo. "Dulani mzere, tsamba lililonse, kufika dzulo. Osang'amba. Pansi mulembe kuti wopima sanali kuona. Nizasaina. A Dokotala tiwalembera tikabwera, achotse." Ndinadula. Masamba makumi awiri ndi mphambu. Iwo ataima pambali, akumvetsera kulira kwa bolopeni pa rula.

Nditamaliza ati, "Nthanda ninaiona komaliza chaka chatha, mu Novembala, madzulo. Iliko lero?" Ndinaifunafuna, kamwezi kulibe tsopano, ndinavutika. Ndinaipeza pamwamba pa mtengo wa mapapaya. Ndinawagwira chibwano n'kuwalozetsa nkhope komweko. Anayang'ana nthawi yaitali. Ati, "Palibe. Ni utsi chabe."

Kenaka, "Nichita mantha, Mainess." Dzina langa sanalitchule chibadwireni Ketty.

Ndinati nanenso.

Apempha jekete ya kutchalitchi, ati tiyeni ku mishoni. Zaka makumi atatu akhala akuyenda patsogolo, ine pambuyo ndi chikwama. Tsopano aima pakhomo, dzanja lili m'mwamba, akufunafuna phewa langa.